Pomwe Chiwindi Chimagwirira

Burul ankadula timitsempha toyera tomangirira chiwindi cha nkhosa ku nembanemba ya pansi pa mapapo, pamene mpongozi wake Aizada analowa ali wefuwefu.

"Amayi, hatchi yawaponda alamu anga ku masewera aja okanganirana mbuzi anthu ali pa mahatchi! Adokotala akuti chiwindi chang'ambika pomwe chimagwirira. Ali ku opaleshoni."

"Alamu ako ati? Uli nawo awiri!"

Aizada anazyolika. Pamwambo wa kwawoko, mkazi wokwatiwa pakhomo satchula dzina la mlamu wake.

"Iwe, mwambowo usiye kaye! Ndani?"

Mtsikanayo anagwira nsidze yake yakumanzere, pomwe Kubat, chitsirizira wa Burul, ali ndi chipsera.

"Thamanga, kaitane galimoto."

Burul anatolanso mpeni. Chiwindi chija chinali lende pa kamtsempha kamodzi. Anayamba wachichirikiza ndi chikhatho.