Kabaji ka Lasisi

Dokotala Morenike atangotchula dzina la Lasisi, anzake onse a pafakitale ya mapaipi apulasitiki mumzinda wa Ota anavula zipewa.

Kwa mwezi wathunthu wantchito aliyense ankayenera kuvala pakolala kabaji koyamwa mpweya. Ofufuzawo ankafuna kudziwa ngati mpweya wapoizoni wa pafakitalepo ndi umene unkayambitsa khansa ya minofu yolumikiza ziwalo. Matendawa anali atatenga kale amuna atatu. Ankayamba ngati kachotupa pantchafu, kosapweteka n'komwe.

"Bambo Lasisi," anatero dokotalayo, "mabaji a anzanuwa sakuopsa kwenikweni. Koma kanu! Makina athu anachita kulira. Mumagwira mbali iti?"

"Pageti, mayi. Kutsegula ndi kutseka basi."

"Pageti? Pamphepo ponse paja?"

"Mwina amakoka mpweyawo ngati fodya," anatero Gbenga, mnzake wapamtima, akupukuta misozi. Kenaka anawerama n'kumunong'oneza: "Achimwene, jombo zanuzi ndi saizi yanji? Zisangopita kwa anthu achilendo."

Mayi wogulitsa amala, nsima ya ufa wa chilazi, panja pa mpanda anabweretsera Lasisi mbale ya nyama yokhayokha, yaulere, n'kumuuza kuti akafika akapereke moni kwa malemu amuna awo. Kapitawo anayambitsa nyimbo yapamaliro. Alonda awiri anayamba kukanganirana mpando wake wapageti, chifukwa unali ndi khushoni.

Dokotala anapinda buluku la Lasisi, n'kumufinya ntchafu, mikono ndi msana. Chotupa panalibe. Anapukusa mutu.

"Lero muli bwino. Koma aliyense wopuma mpweya wochuluka chonchi tsiku ndi tsiku ali pangozi yaikulu. Malo amene mumakhalitsawo pasapezekenso munthu."

Lasisi anayang'ana mbale ya nyama ija. Anaiika pansi. Gbenga anaitola mwaulemu.

"Limbani mtima, achimwene."

Lasisi anasiya geti lili pululu, n'kuliyatsa liwiro la kunyumba.

Kabajiko sanakavalepo ngakhale tsiku limodzi. Poopa kuti fakitale ingatsekedwe iye ntchito n'kumuthera, anakamangirira m'khosi mwa mbuzi ya mkazi wake. Mbuziyo imakhala pachingwe kuseri kwa nyumba yawo, m'mbali mwa ngalande yochokera kufakitale, pansi pa windo la chipinda chogona ana ake.