Matuza pa Zidendene

"Marisol, wawatani mapazi?" anakuwa Tyrell, wojambula wathu, atagwada ndi kamera m'kachipinda kotentha ka ku Las Vegas.

Matuza awiri anali atatupa kuzidendene. Pantchito yathu yojambulitsa mapazi, oti amuna owakhumbira azigula pa intaneti, nsapato zothina sitivala. Koma ine ndinavala zofiira zatsopano, n'kupaka milomo, kuti iyeyo andione.

"Ndimati tikaweruka tikadye limodzi," ndinatero.

"Iwe mwali, matuza agule ndani? Pita, ukabwere akapola."

Anasisita chidendene changa mosamala ngati dzira. Ndinadikira kuti maso ake akwere, afike pankhope panga ngakhale kamodzi.

Anazimitsa nyali, n'kuyimbira foni mkazi wina: "Keisha, zala zako zapakidwa kale?"