Galimoto Yopanda Sipeya

Tayala lakutsogolo linali litaphweratu, galimoto itapendekeka ngati munthu wodwala m'chiuno. Namwino anaima pabwalo, chikwama chili paphewa. Pofika masana ankayenera kukhala ali kuchipatala cha kuseri kwa phiri, kukayamba ntchito yomwe anaivutikira zaka zambiri. Kulephera kufika lero kunali kupereka malowo kwa wina.

Mwamuna wake anatsegula buti n'kuvundukula kapeti. Pansi pake panali dzenje lozungulira bwinobwino, koma lopanda tayala. Galimotoyi anaigula choncho, yonyezimira kunja koma yopanda sipeya, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. M'malo mwa sipeya munali kapampu ndi kabotolo ka guluu womatira tayala, zomwe wogulitsa anazitama ngati mankhwala ochiza matenda onse. Bamboyo anathira guluu yense n'kuyatsa kapampuko. Kanalira mpaka kutentha, mpweya ukungotulukira m'mbali mwa tayala.

"Uwu si msomali ayi," anatero akupisa chala pong'ambikapo. "Ndi mpeni uwu. Alipo amene sakufuna kuti upite."

Namwino sanachite kufunsa dzina. Mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wakeyo, anali atakhala pa njerwa pafupi ndi mpopi, akusenda nzimbe ndi mpeni wautali. Anthu ankangomutchula kuti Duu, chifukwa ngakhale moni weniweniyu ankayankha ndi mutu. Chichokereni ntchito ankakhala nawo pakhomopo, akugona m'kachipinda komwe windo lake linayang'ana poimika galimoto. Namwino sankamufuna, ndipo sankabisa. Munthu wanji woyenda mapazi osamveka, wongopezeka waima kumbuyo kwako iwe ukuyanika zovala? M'mawa wonsewu maso ake sanachoke pa iye.

Koma mwamuna wake yekha, Mulungu amudalitse. Chaka chathunthu anakana za ntchitoyi mpaka mbale zinasweka m'nyumba, ati mkazi akapita kutali sabwerako. Sabata ino anangosintha. Anamupatsa makiyi kuti ayendetse yekha. Anamulangiza kuti adzere msewu wa kuphiri poti ndi wachidule, ngakhale uli ndi mtsetse wautali ndi maphompho m'mbali. Dzulo lakelo, munthu wosasiyanitsa sipanala ndi supuni, anagona chagada kunsi kwa galimoto kuti aone ngati zonse zili bwino. Namwino anachita kulengeza misozi pomuona akutuluka malaya ali bii.

"Usade nkhawa, mkazi wanga. Ndikabwereke tayala kwa mnzanga uja wa galimoto yonga yomweyi," anatero bamboyo. "Ulendowu upita lero, zivute zitani."

Anamusisita paphewa n'kutuluka pageti akuthamanga.

Pabwalo panangoti zii. Mitambo inali itayamba kuda chakuphiri, ndipo mpopi unkadontha pang'onopang'ono m'ndowa. Duu anataya nzimbe ija isanathe. Anapukuta mpeni pa thalauza, mbali zonse ziwiri, mosafulumira. Kenako anapita pageti, anasuzumira mumsewu uku ndi uku, anatseka n'kukhoma loko.

Namwino anayang'ana chakunyumba. Khomo la nyumba linali kutali, ndipo Duu anali pakati. Namwinoyo anathamangira kugalimoto, kudumpha chinyontho chakuda chomwe chinali pansi pafupi ndi tayala lophwalo, mwina madzi otsukira a dzulo. Analowa ku mpando wa dalaivala n'kukhoma zitseko zonse. Anapisa m'chikwama kufuna foni, n'kukumbukira kuti waisiya pa chaja kuchipinda. Anachita mantha enieni.

Duu anabwera ndi kayendedwe kake komwe kaja, kopanda phokoso. Anawerama pawindo, mpeni ukadali m'manja, n'kugogoda galasi ndi chigwiriro chake. Maso ake anali ofiira ngati munthu amene sanagone.

"Chokani, alamu! Ndikuwa ine!"

"Musakuwe, alamu," anatero. Aka kanali koyamba namwino kumva mawu ambiri chotero kuchokera pakamwa pake. "Tayalali ndaboola ndine. Ndimadziwa kuti mulibe sipeya."

"Ndakulakwirani chiyani ine? Si ndimakuphikirani, ndimakuchapirani?"

"Ndikanakuuzani achimwene ali pompano, simukanandikhulupirira. Pondani buleki."

"Mwati chiyani?"

"Pondani buleki, alamu. Nthawi yatha."

Namwino anaganiza kuti munthuyu mutu wake wasokonekera, ndipo wamisala wa mpeni sutsutsana naye. Anakweza phazi n'kuponda. Buleki inangolowa yokha mpaka pansi, yofewa ngati waponda mtsamiro. Anapondanso, n'kupondanso. Inali chimodzimodzi.

"Akuda ali pansiwo si madzi, ndi mafuta a buleki," ananong'ona Duu. "Dzulo ndinali pawindo pomwe achimwene ankadula paipi."

Pageti panamveka kugogoda, kenako mawu okoma a mwamuna wake: "Tsegula, mkazi wanga, tayala lija ndalipeza. Fulumira, ungachedwe!"