Makina Obwerera M'mbuyo

"Wailesi yangayi waiphwasuliranji?" bambo anafunsa, jekete loyera la ku labu lidakali m'manja.

Pansi pabalaza panali mawaya, ayironi, wotchi yapakhoma ndi foni ya malemu mkazi wake. Mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri anali atazindandalika bwinobwino.

"Zipangizo ndasonkhanitsa kale, ababa. Inu mungolumikiza, tipange makina obwerera m'mbuyo."

"Iwe, ntchito yanga ine ndi kuyeza madzi. Ndimaona ngati muli tizilombo, basi."

"Koma si ndinu wasayansi? Wa pa katuni uja amapanga. Amayamba wakana ngati inuyo, kenako amapanga."

"Uja ndi wojambulidwa, mwanawe. Tsitsi losapesa lija n'lojambula, makina akenso n'ojambula."

Mwanayo sanadzutse mutu. Bambo anagwada pafupi naye, n'kutsitsa mawu.

"Palibe makina odzutsa amayi ako. Ngakhale madokotala analephera."

"Ndikudziwa," mwanayo anatero, akupotokola waya. "Sindikufuna kuwadzutsa. Ndikungofuna tsiku lija galimoto inabwera kudzawatenga kupita kuchipatala. Anandiitana ali pakhomo kuti ndidzawatsanzike. Ine ndinawauza kuti adikire katuni ithe."

Bambo nayenso, tsiku lomwelo mkazi wake anamuimbira foni ali ku labu, ndipo anayankha kuti abwera akamaliza kuyeza.

Anaika jekete pampando, n'kukhala pansi pakati pa mawaya aja.

"Chabwino," anatero. "Wofiirayu, pa katunipo amamulowetsa pati?"