Inkayaka Pochoka Pakhomo

"Nyaliyo inkayaka, bwana. Ndinaiona ndi maso angawa," anatero mayiyo kwa wapolisi.

Mwamuna wake, wophika buledi, anali gone m'chipatala miyendo yonse itathyoka. Lole inamugunda chakumbuyo m'bandakucha akupalasa njinga kupita kuntchito. Dalaivala ankati njingayo inalibe nyali yakumbuyo. Apolisi akanangomukhulupirira, mlandu ukanathera pomwepo, banjalo osaona chipepeso chilichonse.

"Munthu akamapalasa saona kumbuyo kwake," mayiyo anapitiriza. "N'chifukwa chake tsiku lililonse akakwera amandifunsa kuti, 'Mayi a ana, yayaka?' Sachoka ndisanayankhe."

Wapolisi anatulutsa kanyali kofiira kamene anakatola pamalo a ngozi, n'kukaika patebulo. Atadina batani, kanayamba kuphethira. Dalaivala, amene analinso pomwepo, anaweramitsa mutu.

Mng'ono wa wovulalayo, munthu wa mtima wapachala amene anagulira mkulu wake nyaliyo pamsika, anadzambatuka.

"Nanga ichi n'chiyani? Si kuyaka uku? Munthu mwamupundula kale, ndiye mukufuna mumunamizirenso?"

Anamenya tebulo ndi chibakera, ndipo kanyali kanazima.

 Wapolisi anakayatsanso, kenako anagogoda tebulo pang'ono chabe ndi chala. Kanazimanso.

"Mayi," anafunsa mofatsa, "msewu wochokera kwanu ndi wosalala?"

 Mayiyo ankaudziwa bwino msewuwo, unali maenje okhaokha kuyambira pakhomo pawo penipeni.

Dalaivala anadzutsa mutu n'kuyamba kupapasa makiyi a lole m'thumba mwake.