Injiniya ndi Chipinda Choyandikana ndi Labu

Panali munthu wina, mnyamata amene anthu a mumsewu wa kwawo ankamutcha Injiniya. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi namwino wogwira ntchito limodzi ndi mlongo wake. Dzinalo analipeza chifukwa foni ya munthu ikazima, iye ankachotsa batire n'kulibwezeretsa, foni n'kuyaka. Basi, mutu unakula.

Atamaliza sekondale anafuna kukaphunzira za makompyuta ku yunivesite. Koma kumeneko sankafunsa kuti wadzutsa mafoni angati, ankafuna masamu. Aliyense ankalemba mayeso olowera pa intaneti, ndipo wosafika malikisi 70 ankamupatsa mwayi wolowa kalasi yokonzekera ya chaka chimodzi. Injiniya atayeserera mayeso a chaka chatha anapeza 48.

Mlongo wake wamkulu, amenenso anali namwino, ndi amene anamulera, ndipo anali atamugulira kale laputopu.

"Lowa kalasi yokonzekerayo," anatero. "Chaka chimodzi si kanthu. Inenso unamwinowu ndinaulowa nditayesa kachiwiri."

"Achemwali, ine ndikakhale ndi olephera? Anthu aziti chiyani? Zisiyeni m'manja mwanga."

Pafupi ndi siteji ya basi panali shopu yosindikiza mapepala. Bambo wa pashopupo anamunong'oneza kuti ali ndi munthu wake wolembera anthu mayeso. Injiniya sanamuone n'komwe munthuyo. Anangopereka nambala yake yachinsinsi yolowera pa mayesowo, malipiro ake n'kukhala laputopu ija. Kunyumba ananena kuti yabedwa m'basi.

Zotsatira zitatuluka, anapeza 96, woyamba pa onse. Mlongo wake analiyang'ana pepala la zotsatirazo.

"Kuchoka pa 48 kufika pa 96, masabata atatu okha?"

"Ndinkawerenga inu muli kuntchito, achemwali."

"Chabwino. Koma ndimvere apa pokha. Ukasankhe hositelo ya kuseri kwa bwalo la mpira. Kulibe phokoso, ukakhale pansi ndi mabuku ako."

Ku ofesi ya malo ogona, woyang'anira hositelo anamulandira ndi manja awiri. Anamuuza kuti anthu khumi amene akhoza bwino kwambiri amasankha zipinda poyamba, ndipo akafuna amagona mzere woyandikana ndi labu ya makompyuta. Kumeneko aliyense ali ndi chipinda chayekha, tebulo lalikulu, madzi otentha ndi intaneti yothamanga.

"Koma werengani kaye pepala ili musanasaine," anatero woyang'anirayo.

Injiniya anali akuyang'ana kiyi. Anasaina, n'kujambula chitseko, n'kutumizira anthu onse a mumsewu wa kwawo. Za hositelo ya kuseri kwa bwalo sanafunse n'komwe.

Lolemba masana anamva kugogoda. Potsegula anapeza anthu asanu ndi awiri ali pamzere, makope m'manja. Pachitseko pake panali patamatidwa chikalata: "Wothandiza masamu, Lolemba mpaka Lachinayi, 3 koloko mpaka 5 koloko." Zinali zomwezo zolembedwa pa pepala lija: wogona mzere umenewo amathandiza anzake a chaka choyamba.

Munthu wochenjera satha nzeru msanga. Lolemba anati mutu ukumupweteka. Lachiwiri anakhala m'bafa mpaka 5 koloko. Lachitatu anawauza kuti, "Yesani kaye nokha, inenso ndi mmene ndinadziwira." Lachinayi anzakewo anatopa, anakadandaula kwa mphunzitsi wa masamu kuti nambala wani uja ndi woumira nzeru.

Mphunzitsiyo, mayi wofatsa wa magalasi, sanakwiye. Ankaganiza kuti mnyamatayo ndi wamanyazi chabe, ndipo anafuna kumulimbitsa mtima. Lachisanu m'mawa, m'kalasi muli anthu oposa 200, analemba funso pabolodi.

"Ili linali funso lomaliza pa mayeso olowera. Nonsenu munalilephera, kupatula mnzanu mmodzi. Bwera, mwanawe, utionetse mmene unachitira."

Kalasi yonse inawomba m'manja. Injiniya anatsika masitepe akumwetulira, analandira choko, analemba tsiku la mwezi pakona pa bolodi, n'kulitsekera mzere kunsi. Kenako anaima. Funsolo ankaliona koyamba m'moyo wake.

"Yambira pamene unayambira tsiku lija," anatero mphunzitsi.

Mphindi zisanu zinatha, choko chili m'mwamba. Mayi uja anafufuta funsolo n'kulemba loyamba, losavuta kwambiri, limene kalasi yonse inakhoza. Nalonso linamukanika. Panalibe woseka, ndipo ine ndimati bola akanamuseka.

Masana a tsiku lomwelo anamuitanira ku ofesi, ndipo anaulula zonse. Lamulo linali lolembedwa poyera pa fomu imene anadzaza yekha: wolemberedwa mayeso amachotsedwa, ndipo saloledwa kufunsiranso malo kwa zaka zisanu, ngakhale a kalasi yokonzekera.

Mlongo wake anabwera atavala yunifolomu, kuchokera kuntchito. Kiyi anabweza, chikwama ananyamulizana. Potuluka anadutsa pa windo la kalasi yokonzekera ija. Munali anthu a malikisi 48 ndi 50, ali chete, akukopera masamu pabolodi. Mlongoyo anatula chikwama pansi.

"Unakana chaka chimodzi, walandira zisanu," anatero. "Tsopano tandiuza, laputopu yanga ija inabedwa m'basi iti?"

Phunziro: Sukulu ikaika malikisi olowera sikuti ikukuda, ikudziwa katundu amene ukasenze mkatimo. Ngati sunafike, vomera, konzekera, ubwerenso. Malikisi olemberedwa amakulowetsa pachipata, koma pabolodi umaima wekha. Ndipo posankha pogona usatengeke ndi madzi otentha, yamba wawerenga pepala lonse. Nkhaniyi tumizira mwana, mng'ono kapena mlongo wako amene akudzaza mafomu chaka chino, asanakumane ndi bambo wa pashopu uja.