Mlaliki Wowerenga Mapazi

"Abusa, lero ndi tsiku lachiwiri. Amayi anga anachoka opanda madzi, ndipo mutu wawo suyendanso bwino," anatero Remmy, sikauti woteteza nyama wa ku Malama, atagwada pakhomo la tchalitchi, anzake awiri ali kumbuyo. "Mapazi awo atitayika pamchenga wa Luangwa."

Abusawo dzina lawo linali Hosea. Mishoni itamutuma kuno, palibe amene ankadziwa kuti mlalikiyu ndiye mlenje wopha nyama mobisa amene masikauti anamusaka zaka seveni osamuona nkhope. Luso lowerenga nthaka analikwirira pamodzi ndi mfuti.

"Tapemphera kale, abusa. Chitanipo kanthu, chonde!"

Hosea anavula jekete.

Anayenda chowerama, akuloza udzu wopindika, kamwala kotembenuka, ndi pomwe ndodo ya nkhalamba inabaya pakati pa mapazi a njovu. Dzuwa litapendeka anawapeza amayiwo m'kati mwa paki, pabwinja la mudzi umene anthu anasamutsidwapo kalekale kuti nyama zigone bwino. Anali moyo, akusesa ndi manja pamene panali khomo lawo.

Remmy anawamwetsa madzi, kenaka anatembenuka maso ali ofiira.

"M'chigwa chonse chino wolondola mapazi chonchi ndi mmodzi yekha, mlenje uja. Anzangawa nawonso aona."

"Ndikudziwa."

"Nanga osangonamizira kusochera bwanji, abusa?"

Hosea anapereka manja ake awiri. "Kundende kwanuko kuli mlaliki?"

"Sindinamvepo."

"Ndiye mangani msanga, mwana wanga. Koma musandimange kumbuyo, amayiwa ndiwabereka ndine."